Mwana Amene Sankadwala Koma Ankajomba Chifukwa cha Matenda

Sukulu za mu Zambia zitatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024, aphunzitsi tonse tinali ndi nkhani imodzi pakamwa, yakuti silabasi tiimaliza bwanji. Tinayenera kuyamba temu pa 8 Januwale, tsikulo linakankhidwira pa 29 Januwale, kenako linakankhidwanso, chifukwa kolera inali itavuta mu Lusaka moti bwalo la zamasewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Masabata asanu amenewo anakambidwa pa wailesi, m'manyuzipepala ndi m'maminibasi, ndipo Unduna wa Zamaphunziro unakonzanso kalendala ya chaka kuti masiku otayikawo abwezedwe. Kunali koyenera kutero. Koma ine ndimaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya boma m'komboni ina ya kumadzulo kwa mzinda, ndipo m'kaundula wa kalasi yanga muli ana amene amataya masiku oposa amenewo chaka ndi chaka, kaya kuli kolera kaya kulibe, popanda wowakonzera kalendala.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chaka cha sukulu chili ndi matemu atatu a masabata pafupifupi 13 iliyonse. Mwana amene amajomba tsiku limodzi lokha pa sabata amakhala atataya masiku pafupifupi 39 pofika Disembala, omwe ndi masabata a sukulu oyandikira asanu ndi atatu. Akatswiri a zamaphunziro, makamaka ku America, amati kujomba kwazika mizu mwana akataya gawo limodzi mwa magawo khumi a masiku a sukulu, kutanthauza masiku awiri okha pa mwezi, ndipo sayang'ana ngati chifukwa chake n'chomveka kapena ayi. Muyeso umenewu titaugwiritsa ntchito m'makomboni mwathu, si ana owerengeka amene angagweremo.

Kalata yoitana kholo

Chaka chimenecho ndinali ndi Giredi 5, ndipo m'kalasimo munali mtsikana wa zaka 11, wofatsa, wodziwa masamu, amene dzina lake sindilitchula. Akabwera ankagwira msanga zimene anzake akuvutika nazo, koma sankamaliza sabata. Nthawi zina ankasowa Lolemba, nthawi zina Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo ndikamufunsa ankangoti, "Kunyumba kunali zochita, aphunzitsi." Mwambo wa pasukulu ndi wakuti zikafika pamenepo timalemba kalata yoitana kholo, ndipo ndinalemba.

Amene anabwera anali ambuya ake, mayi wokalamba woyenda mokoka miyendo, atanyamula kajumbo kapulasitiki komanga pakamwa. Inali nthawi yopuma, ana ali panja. Ndinawapatsa mpando, tinalonjerana, kenako ndinatsegula kaundula n'kuyamba kuwafotokozera mwaulemu zimene timafotokozera kholo lililonse: kuti mwanayu ali ndi nzeru, kuti sukulu tsopano ndi yaulere, kuti akapitiriza chonchi mayeso a Giredi 7 adzamuvuta. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza osandidula mawu. Kenako anamasula kajumbo kaja n'kuika patebulo panga timabuku tiwiri todula pakati, timene anthu amagula pakantemba popita kukiliniki, pamodzi ndi khadi la sikelo la mwana wakhanda.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapiteko, kuwerenga sindidziwa," anatero. "Inuyo muwerenge masiku amene alembedwa umu, ndiye muyang'ane m'buku lanulo."

Ndinayamba ndi kabuku kawo. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo tsiku lililonse limene anapita kukayezetsa kapena kukalandira mankhwala, m'kaundula wanga munali chizindikiro chakuti mtsikanayo sanabwere. Kabuku kachiwiri kanali ka mayi ake a mtsikanayo, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba zopikula ku Soweto Market mpaka pamene anapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, koma amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo masabata oyambirira wodwala amakhala wofooka moti sangayende yekha. Masiku a m'kabuku kamenekanso anagwirizana ndi a m'kaundula. Khadi la sikelo linali la mng'ono wake, ndipo kupatula masiku a katemera ndi kukweza sikelo, ambuyawo anandiuza kuti khandalo linatsegula m'mimba kangapo m'nyengo ya mvula, ndipo nthawi iliyonse wina anafunika kulibereka kupita nalo kukiliniki, kuchapa matewera ndi kutunga madzi owonjezera.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga kabuku ka mwanayu kali kuti, ambuya?"

Anaseka pang'ono. "Ameneyu sadwala, aphunzitsi. Ameneyu ndiye miyendo yanga. Amadzuka kusanache kukandigwirira malo pamzere, ndipo akatipatsa mankhwala ndi iye amene amawerenga zolembedwa pakapepala, chifukwa m'nyumba mwathu wodziwa kuwerenga ndi iye yekha. Ndikamutumiza kwa inu tsiku limenelo, kuchipatala ndipita ndi ndani?"

Funso limenelo ndinalibe yankho lake, ndipo iwo sanalifunse kuti andichititse manyazi. Anatolera timabuku tawo, anatimanga m'kajumbo, n'kundipempha chinthu chimodzi chokha, chakuti mwanayo asamapatsidwe chilango chosesa bwalo akabwera m'mawa mwake, chifukwa akadziwa kuti chilango chikumudikira amaopa n'kukhalanso kunyumba tsiku lina.

Kaundula amaona mwana mmodzimmodzi

Kaundula wa kalasi amasanja mayina motsata zilembo, anyamata paokha atsikana paokha, ndipo pa tsiku lililonse pali malo a chizindikiro chimodzi: wabwera kapena sanabwere. Amene anakonza bukuli ankafuna kudziwa za mwana mmodzimmodzi, n'chifukwa chake mphunzitsi akaona mizere ya kujomba amaganiza za khalidwe la mwanayo kapena la makolo ake. Ambuya aja atapita ndinatenga pepala lina n'kulemba mayina omwewo motsata kumene ana amakhala, ndipo ndinafunsa aliyense kumene kwawo amatunga madzi. Zimene zinali zobalalika m'kaundula zinaunjikana papepalalo. Ana ojomba kawirikawiri anali ambiri m'chigawo chotsika cha komboni, kumene madzi a mvula amakhala masabata osaphwa, ndipo panali mapuloti ena amene ana ake ankasowa sabata imodzimodzi ngakhale kuti sanali pachibale.

Wokhala mu Lusaka aliyense amadziwa chifukwa chake, kungoti sitichilumikiza ndi sukulu. Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kummwera kwa mzinda, monga Kanyama, John Laing, Chibolya ndi Misisi, ili pamwamba pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Zimbudzi zambiri n'zokumba, ndipo zitsime zosazama zimakumbidwa pabwalo lomwelo. Mvula ikayamba mu Novembala madzi apansi amakwera, zimbudzi zimasefukira, ndipo zonyansa zimayenda m'ming'alu ya miyala mpaka kulowa m'zitsime. Mliri wa kolera wa mu 2017 ndi 2018 unayambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, unadwalitsa anthu pafupifupi 6,000 n'kupha oposa 100. Umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse n'kupha oposa 700. Pa miliri yonse iwiri boma linachedwetsa kutsegula sukulu ndipo linapereka katemera wakumwa.

Koma njira imene kolera imadutsa siitsekeka mliri ukatha. Madzi omwewo amanyamula tayifodi, kamwazi ndi kutsegula m'mimba kwa masiku awiri kapena atatu kumene palibe amene amakuwerenga, chifukwa mayi amangosungunula madzi a moyo (a mchere ndi shuga) kunyumba n'kudikira kuti mwana apeze bwino. Kolera imalengezedwa ndi nduna. Kutsegula m'mimba kwa mwana wa Giredi 3 kumangooneka ngati kachizindikiro m'kaundula.

Ngakhale banja losamala, lothira Clorin (mankhwala opha tizilombo) m'madzi ndi logula madzi pakiyosiki, limalipira ndi nthawi ya mwana. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika poti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa kudamu la Kariba magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, mapampu a pamijigo ankaima, ndipo mizere ya zigubu inatalika. Amene amaima pamzere umenewo si bambo wopita kuganyu kapena mayi wopita kumsika. Ndi mwana, ndipo kawirikawiri ndi mtsikana. Madzi akabwera 9 koloko m'mawa, sukulu ya tsiku limenelo yatha.

Zaka zimene chipatala sichiyang'ana

Dziko lathu lachita zambiri pa ana osakwana zaka zisanu. Ali ndi khadi lawo, sikelo yawo, ndiponso sabata ya umoyo wa ana imene imachitika kawiri pa chaka, pamene amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Amayi oyembekezera nawonso ali ndi tsiku lawo. Mwana akangokwanitsa zaka zisanu khadi limasungidwa m'sutikesi, ndipo kuyambira pamenepo amaonana ndi namwino pokhapokha atadwala kwambiri. Komatu zimene zimamuchotsa m'kalasi nthawi zambiri si matenda ogoneka munthu. Ndi dzino lobooka limene limamuletsa kugona, khutu lotuluka mafinya limene anzake amaliseka, zipere ndi mphere, maso osaona bwino pa bolodi, kapena njala ya mwana amene kwawo anagula kapamela (kapaketi kakang'ono) kamodzi ka ufa dzulo madzulo. Kholo silingataye tsiku la malonda kukaima pamzere chifukwa cha zipere, choncho mwana amakhala kunyumba mpaka manyazi kapena ululu utachepa.

Za atsikana akuluakulu ndingonena mwachidule, popeza mayi aliyense amazidziwa. Lamulo la ntchito la mu 2019 limapatsa mayi wapantchito tsiku limodzi pa mwezi lopuma popanda kalata ya dokotala, limene tonse timalitcha Mother's Day, ndipo ife aphunzitsi achizimayi timalitenga. Mtsikana wa zaka 13 amene wayamba kumene kusamba, pasukulu imene zimbudzi zake zilibe zitseko ndipo mpopi wake ndi wouma, amatenga masiku atatu, ndipo ife tomwe timamulemba kuti wajomba.

Pali njira imene yaoneka kuti ikuthandiza. Bungwe la Healthy Learners, limene linayambira m'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka mu 2014, limaphunzitsa aphunzitsi ena kuti akhale oyang'anira umoyo pasukulu. Iwo amaona mwana wodwala m'kachipinda kapadera, amathandiza pa zing'onozing'ono, ndipo pa zazikulu amalemba kalata yomutumiza kukiliniki kuti akathandizidwe msanga. Nzeru yake ndi yolondola, chifukwa palibe wantchito wina wa boma amene amaona ana ambiri tsiku ndi tsiku kuposa mphunzitsi. Komabe mtsikana wa m'kalasi mwanga uja sakanalowa m'kachipinda kotero, popeza thupi lake linali bwinobwino. Matenda amene ankamujombetsa anali m'matupi a anthu ena atatu.

Si onse, ndikudziwa

Anzanga ena m'chipinda cha aphunzitsi amati ndikuwakometsera ana, ndipo pali mbali imene akunena zoona. Alipo anyamata amene amachoka kunyumba atavala yunifolomu n'kukathera tsiku pamalo osewerera pool kapena pasiteshoni ya maminibasi kuthandiza ang'wang'wazi (oitanira okwera). Aliponso makolo amene sasamala kaya mwana wapita kaya sanapite. Amenewa sindikuwakana. Chimene ndikukana ndi kuyamba ndi chilango tisanafunse, chifukwa chilango chimene chingabweze mnyamata wa pa pool ndi chomwecho chimene chimathamangitsa mwana wodwazika ambuya ake. Ndiponso anyamata a pasiteshoni aja ukawatsata mbiri yawo, ambiri anayamba ndi kujomba kwa apo ndi apo ali ku Giredi 2 kapena 3, anabwerera m'kalasi n'kupeza anzawo apita patsogolo, anafika Giredi 5 asakudziwa kuwerenga, ndipo anaona kuti kukhala panja n'kopepuka kusiyana ndi kusekedwa.

Maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022 anabweza kusukulu ana ambiri amene anali atasiya, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ndimaikira kumbuyo ndondomeko imeneyi ndi mtima wonse. Koma ana amene anabwerera chifukwa fizi yachotsedwa ndi omwewo amene kwawo kuli chimbudzi chosefukira ndi wodwala wosowa womusamalira, ndipo anabwera m'makalasi odzaza moti kuitana mayina kokha kumadya gawo la phunziro loyamba. Mphunzitsi wa ana oposa 80 amazindikira kuti mwana wasowa patapita masiku. Atsogoleri akamalankhula amatchula chiwerengero cha ana olembedwa m'sukulu, chomwe ndi chosavuta kupeza ndi chokoma kumva. Chiwerengero cha ana amene analidi m'kalasi Lachitatu lapitali chili m'makaundula otsekeredwa m'makabati, ndipo sindinamvepo chikutchulidwa pamsonkhano wa zaumoyo.

Kutaya kwake sikuthera pa mayeso. Katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, amene dziko lino linayamba kupereka ponseponse mu 2019, amafika kwa ambiri kudzera m'sukulu. Anamwino akabwera tsiku limodzi, mtsikana amene ali pamzere wa madzi tsiku limenelo amaphonya. Ndipo ndikakumbukira mawu a ambuya aja, akuti m'nyumba yonse wowerenga zolembedwa pamankhwala ndi mwana wa Giredi 5, ndimaona kuti mwana aliyense amene amasiya sukulu asanadziwe kuwerenga adzakhala ndi nyumba yake imene idzafunenso kujombetsa mwana wina.

Zimene tayamba kuchita

Za mtsikana uja, a hedi anavomera kuti asamukire ku kalasi ya masana. Sukulu yathu, monga zambiri za m'makomboni, imaphunzitsa m'magulu awiri chifukwa cha kuchepa kwa zipinda, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchepa kumeneko kunathandiza munthu. Mizere ya kukiliniki ndi ya m'mawa, choncho masiku ambiri ankabwerako nthawi ilipo. Amayi a kumpingo kwawo atauzidwa anayamba kusinthana poperekeza ambuyawo. Kujomba sikunatheretu, makamaka mvula itayambanso, koma kunachepa moti ankamaliza masabata athunthu.

Kuyambira pamenepo ndimasunga kabuku kanga kapadera, ndipo mwana akabwerera ndimamufunsa pambali, osati pamaso pa anzake, n'kulemba chimodzi mwa zinthu zochepa: wadwala yekha, amadwazika wina, amatunga madzi, analibe chakudya, kapena china. Apa pamafunika kusamala kwambiri. Alipo ana amene anabadwa ndi HIV ndipo amakhala ndi tsiku lokalandira ma ARV, ndipo mwana wotero akanena kuti mutu unkamupweteka sindimufunsa kawiri. Dzina la matenda sindililemba paliponse, ndipo kabukuko sikachoka m'chikwama changa.

Aphunzitsi ena atatu anayamba kuchita chimodzimodzi, ndipo pakutha pa mwezi timaphatikiza ziwerengero, popanda mayina, motsata zigawo za komboni. Pepala limeneli timalipereka kwa komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu, imene mamembala ake ndi anthu ongodzipereka ogwira ntchito ndi kiliniki. Poyamba anadabwa kuti sukulu ikuwabweretsera chiyani, chifukwa anazolowera kubwera kwa ife kudzalankhula za kusamba m'manja n'kumapita. Koma kiliniki imadziwa za odwala amene afika pakhomo pake basi, pamene pepala lathu limasonyeza ana amene akudwala kunyumba masiku angapo wina asanaganize zopita kuchipatala.

Mwezi wina wa mvula pepalalo linasonyeza kuti ana a m'mapuloti oyandikana a chigawo chimodzi asowa sabata imodzi chifukwa chodwala. A komiti anapita kukaona ndipo anapeza chimbudzi chodzaza, chogwiritsidwa ntchito ndi mabanja ambiri a lendi, chikuchucha pafupi ndi chitsime chimene anthu anachifukulanso chitakwiriridwa nthawi ya kolera, chifukwa madzi a pakiyosiki ankabwera mwa apo ndi apo. Anathira mankhwala m'chitsimemo, anagawa Clorin, ndipo ana anabwerera m'kalasi. Chimbudzicho n'cha mwini nyumba amene amakhala kudera lina la mzinda ndipo amangotuma munthu kudzatolera lendi. Kuchipopa kumafuna ndalama zimene anthu a lendi akuti si udindo wawo, iye akuti adzaona mvula ikatha, ndipo komiti ilibe mphamvu yomukakamiza. Nkhaniyi aitumiza kwa khansala wa wodi ndi kwa oyang'anira zaumoyo a kukhonsolo, ndipo a komiti atipempha kuti ziwerengero za chigawo chimenecho tiziwapatsa sabata iliyonse m'malo mwa mwezi uliwonse mpaka mvula idzasiye mu Epulo.